Apilo yanga yaima chifukwa rekodi ya mlandu sikutuluka: alipo anadutsamo?

Nangozo_wa_Awiri
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhawa, mwina alipo amene anadutsamo andiunikire. Banja langa linatha kukhoti la majisitireti chaka chatha. Za kutha kwa banjalo sindikudandaula, tonse tinali titatopa. Chimene sindinagwirizane nacho ndi mbali ziwiri za chigamulo: ana anaperekedwa kwa bambo awo, ndipo nyumba imene tinamanga tonse inawerengedwa kuti ndi ya iwo okha. Ndinachita apilo nthawi yake isanathe, ndalama ndinalipira, lisiti ndili nalo. Koma ku High Court akuti sangaike tsiku lomva nkhaniyi chifukwa rekodi ya mlandu sinafike kuchokera kukhoti laling'ono. Ndikapita kukhoti laling'onolo amati fayilo ili kotayipa. Tsiku lina amati yatayipidwa koma ikudikira a majisitireti aione. Tsiku lina amati makina osindikizira alibe inki. Mvula yagwa mpaka yakata, ana alowa kalasi ina ali kwa agogo awo akuchimuna, poti bambowo amagwira ntchito kutali. Wamng'onoyo ndikamuimbira foni masiku ano amangoti ee, ayi, kenako n'kupatsira foni mkulu wake. Kodi rekodi imayenera kutenga nthawi yaitali chonchi? Nanga munthu wamba ngati ine ndikadandaule kwa ndani?

Mai_Chisomo22
Pepani kwambiri achemwali. Ine yanga inali ya katundu chabe, koma ndinafika potaya mtima n'kuisiya. Inu musaisiye, pali ana.

WaKabaza_25
Mayi, tinene zoona. Fayilo siyenda yokha. Mupezeni amene akutayipayo mumupatse kangachepe, sabata yomweyo rekodi ituluka. Ana anu ndi ofunika kuposa ndalama imeneyo.

Mphunzitsi_Nabanda
Ayi achimwene, malangizo amenewo ndi amene akutipweteka tonse. Inu mukapereka, fayilo yanu idumpha ya mayi wina amene alibe ngakhale ya thiransipoti. Komanso ndi mlandu, kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Mayiwa ali pa apilo ya ana. Mbali inayo itangomva kuti anapereka ndalama kwa wogwira ntchito kukhoti, nkhani yawo yonse iwonongeka.

WaKabaza_25
Nanga adikire mpaka liti? Ine ndikunena zimene ndimamva kwa anthu amene ndimawanyamula popita ndi pochokera kukhoti. Ambiri amabwerera akulira.

KalalikiWopuma
Ndinagwira ntchito m'makhoti a majisitireti zaka zambiri ndisanapume. Ndiloleni ndifotokoze mmene rekodi imapangidwira, kuti mukamapita kukafunsa muzidziwa pamene ingakodwe.

M'makhoti ambiri a majisitireti mulibe makina ojambula mawu. Amene amalemba zonse ndi majisitireti yemweyo, pamanja. Inu mukulankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, womasulira akutembenuzira m'Chingerezi, bwana akulemba. Mlandu wa banja umaimitsidwa kangapo usanathe, ndiye mapepala aja amaunjikana a masiku osiyanasiyana, ena a mizere, ena olembedwa kuseri kwa fomu yakale tsiku limene mapepala anatha, onse omangidwa ndi kachingwe pakona. Imeneyo ndiyo rekodi, ndipo kope ina palibe.

Munthu akachita apilo, fayilo ija imapita kwa wotayipa. Kawirikawiri wotayipa amakhala mmodzi, mwina akutumikira mabwana awiri kapena atatu. Patebulo pake pamakhala kale zigamulo, masamani, makalata, ndi mafayilo a milandu yaupandu oyenera kupita ku High Court kukaunikidwa. Amenewo amatsogola chifukwa kuli munthu ali m'ndende. Ya banja imatsikira pansi. Akadzaifikira, ayambe kulimbana ndi kalembedwe ka bwana. Ena amalemba zowerengeka, ena tsamba lathunthu umangotolapo mawu ochepa, ndiye umasiya mipata n'kudikira mwini wake adzakuwerengere. Ikatha kutayipidwa, majisitireti amene anamva mlanduwo ayenera kuwerenga, kukonza ndi kusainira kuti ndi zoona. Mafayilo ambiri amafera apa. Ngati bwanayo anasamutsidwira boma lina, kapena anapita kusukulu, kapena anapuma, mnzake amene walowa m'malo sangangosainira umboni umene sanaumve. Zikatheka zonsezo, pafunika kupanga makope, kuwamanga, ndi kupeza njira yowafikitsira ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba kumene kuli maofesi a High Court.

Sindikunena kuti aulesi ndi adyera kulibe. Ndinawaona. Koma ndinaonanso wotayipa akugula yekha mapepala kuti mayi wina wochokera kutali asabwerere chimanjamanja. Mayi Nangozo, mukapitanso musakafunse kuti yatha kapena ayi. Mukafunse kuti yaima pati, komanso ngati majisitireti amene anamva mlanduwo akadali pamalopo.

Nangozo_wa_Awiri
Zikomo bambo. Pamenepo mwakhudza penipeni. A majisitireti aja ndinamva kuti anasamuka, koma palibe anandiuzapo kuti kusamukako kukukhudza fayilo yanga.

WaZamalamulo_Kumpoto
Ine si loya, koma ntchito yanga ndi yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, ndipo zoterezi timakumana nazo pafupipafupi. Mayi Nangozo, choyamba siyani kufunsa pakamwa pokha. Mawu a pawindo sasiya umboni. Lembani kalata yaifupi yopita kwa majisitireti woyang'anira khotilo. Muikemo nambala ya mlandu, tsiku la chigamulo, tsiku limene munapereka apilo, ndi nambala ya lisiti. Munene kuti nkhaniyi ikukhudza ana, ndipo mupemphe akuuzeni mwa kulemba pamene rekodi yafika. Mupange makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku n'kukubwezerani. Pakapita masabata angapo osayankhidwa, lembaninso kwa Chief Resident Magistrate, mkulu wa majisitireti a m'chigawo chanu, ndi kwa Registrar, woyang'anira ofesi ya High Court kumene apilo yanu ili, mumatepo kope ya kalata yoyamba ija. Khoti lalikulu lili ndi mphamvu yoitanitsa fayilo kuchokera kukhoti laling'ono.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene anthu ambiri sauzidwa: kuchita apilo pakokha sikuimitsa chigamulo. Chigamulo chija chikugwirabe ntchito mpaka khoti litanena kuti chiime kaye. Ndiye ngati mukuopa kuti nyumba ingagulitsidwe apilo isanamvedwe, muyenera kupempha mwapadera kuti khoti liletse. Chimodzimodzi za ana: mukhoza kupempha dongosolo loti muziwaona kapena azibwera kwa inu patchuthi pamene mukudikira. Pempho limeneli silidikira rekodi yonse.

Simukupempha chifundo ayi. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wofika kukhoti kuti nkhani yake ithetsedwe. Gawo 24 limati banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri. Gawo 23 limaika ubwino wa mwana patsogolo. Kusintha kwa lamulo la makhoti mu 2016 kunabweretsa nthambi ya High Court yoona za mabanja ndi chuma chamasiye, koma nthambiyo singaunike chigamulo popanda zolembedwa za kumunsi, chifukwa pa apilo jaji amadalira zimene zinalembedwazo. Ngati mulibe loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Kulinso mabungwe monga WOLREC ndi WLSA amene amathandiza amayi pa nkhani ngati zimenezi.

BamboWaAtatu
Ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna kunena kuti vuto ili silisankha kuti uyu ndi mkazi kapena mwamuna. Ine khoti linandilamula kumangira mkazi wanga wakale nyumba kwawo, monga mwa mwambo wa chikamwini, komanso kumulipira chipepeso. Za nyumbazo ndinali nditamanga kale tili pabanja, ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo mboni inanena zimenezo m'khoti. Ndinachita apilo. Rekodi osatuluka. Ndili mkati modikira anabwera masherifu n'kunyamula makina anga osokera, amene ndimadyera. Pamene rekodi inkatuluka, makinawo anali atagulitsidwa kale. Za kupempha kuti chigamulo chiime kaye palibe anandiuza, ndikuzimva lero kwa a WaZamalamulo.

Mai_Chisomo22
Abambo ambiri amachita apilo pofuna kungozemba kulipira ndalama yothandizira ana. Kuchedwa kwa rekodi kwa iwo ndi phwando. Tiziyankhula zonse.

BamboWaAtatu
Mayi, ya ana sindinaikane ndipo sindinadumphitsepo mwezi. Ndinatsutsa za nyumba yokha. Musatiike tonse m'thumba limodzi.

Mai_Chisomo22
Ngati ndi choncho pepani bambo. Koma amene ndikunenawo alipo, ndipo ndi ambiri. Wina amangoti nkhani ili ku High Court, basi, mayi wa ana n'kukhala chete osadziwa kuti chigamulo chikugwirabe ntchito.

Mphunzitsi_Nabanda
Ine ndimaona mbali ina ya nkhaniyi, ya m'kalasi. Ndinali ndi mtsikana wa Sitandade 5 amene makolo ake ankalimbirana kukhoti. Temu yonse sanagulidwe yunifomu, osati chifukwa chosowa ndalama, koma bambo ankati adikire aone ngati mwanayo akhalebe pasukulupo, mayi nawo ankati sangagule ya sukulu imene sanasankhe ndi iwo. Pa fomu pamene pamafunika dzina la womulera, mwanayo anasiya posalemba, n'kubwera kudzandifunsa kuti alembe ndani. Akuluakulu akamati tikudikira rekodi, mwana akukula. Ndipo chimene chimandiwawa ndi ichi: apilo ikadzamvedwa patapita zaka ziwiri, jaji adzaona kuti mwana anazolowera kumene ali, ali ndi anzake, sukulu ikuyenda, ndiye kumuchotsa kungamusokoneze. Jajiyo sadzakhala atalakwa. Koma ndiye kuti mlandu wagamulidwa ndi kuchedwa kuja, osati ndi umboni.

WaZamalamulo_Kumpoto
Aphunzitsi anena chenicheni. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti mayi Nangozo apemphe msanga dongosolo loonana ndi ana, ndipo azisunga umboni wakuti sanawataye: mauthenga a ndalama zimene atumiza pa foni, malisiti a kusukulu, masiku amene anapita kukawaona.

Gogo_Nasibeko
Ana inu, zonsezi zikuchitika chifukwa munasiya ankhoswe. Kale banja likavuta, ankhoswe a mbali zonse ankakhala pansi, zikakanika ankapita kwa a mfumu, dzuwa lisanalowe nkhani yatha. Aliyense ankadziwa amene anaumba njerwa ndi amene anagula malata chifukwa ankaona ndi maso. Panalibe za mapepala. Lero mukupereka nkhani ya m'nyumba mwanu kwa munthu wachilendo amene mawa asamuka.

Tadala_wa_Ndirande
Agogo, ndi ulemu wonse, amayi anga anadutsa kwa ankhoswe. Anauzidwa kuti apirire, banja ndi choncho. Pamene bambo anawathamangitsa anatuluka ndi mapoto ndi zovala basi, ankhoswe omwewo ali chete. Panalibe kopita kukadandaula chifukwa panalibe cholembedwa. Pepala likuchedwa inde, koma ndi pepala lomwelo limene limapatsa mayi mwayi wonena kuti apa munandilakwira.

Gogo_Nasibeko
Ankhoswe oipa analipo mwanangu, sindikukana. Koma abwino anali ambiri, ndipo ana sankakhala m'malere chonchi.

KalalikiWopuma
Agogo ali ndi mfundo pang'ono. Ngakhale lero, pa banja la mwambo khoti limafuna kumva ankhoswe, ndipo nkhani zambiri zikanathera kwa iwo. Kumbukiraninso kuti makhoti a mafumu a nthawi ya a Kamuzu atathetsedwa titalowa m'zipani zambiri, milandu yonse ya mabanja a mwambo inakhuthukira kwa majisitireti. Mu 2011 nyumba ya malamulo inavomereza Local Courts Act kuti kukhale makhoti a m'madera omva nkhani zoterezi, koma makhotiwo sitinawaone akugwira ntchito. Ndiye katundu yense akadali pa tebulo lomwe lija ndinanena.

Wapampando_wa_Gulu
Abale, za ankhoswe ndi nkhani yabwino koma tiitsegulire pake. Pano tithandize mayi Nangozo ndi ena amene rekodi zawo zakodwa. Komanso chonde musatchule maina a ana, a majisitireti kapena nambala za milandu pagulu pano.

Anamasina_Leeds
Ndikulemba kuchokera kuno ku England, kumene ndinadutsanso m'khoti la mabanja pa nkhani ya mwana wanga. Ndikufuna anthu asaganize kuti makina akabwera ndiye kuti zonse zatha. Kuno zonse zolankhulidwa m'khoti zimajambulidwa. Koma kuti upeze zolembedwa umalemba fomu yotchedwa EX107, khoti litumize mawuwo ku kampani yovomerezeka yotayipa, iweyo ulipire, ndipo ndalama yake si yamasewera ngati mlandu unatenga tsiku lathunthu. Ngati chimene ukufuna ndi chigamulo, chimabwereranso kwa jaji kuti achiwerenge ndi kuchivomereza chisanakufike. Nthawi yochitira apilo kawirikawiri ndi masiku 21, ndiye umapezeka ukupereka apilo chigamulo cholembedwa chisanafike m'manja. Ine ndinadikira miyezi, kampani ikuti khoti silinatumize, khoti likuti linatumiza. Kusiyana kwake ndi kwakuti mawuwo alipo penapake, ngakhale jaji asamuke. Kumudzi zonse zili pa mapepala a munthu mmodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zikundiopsa pa nkhani ya achemwaliwa.

Chimwemwe_Joni
Kuno ku South Africa ndi chimodzimodzi, amajambula ndi makina ndipo otayipa ndi makampani, amawerengera pa tsamba. Mnzanga wina ku Johannesburg atalipira anauzidwa kuti mbali ina ya mawu sikumveka, tsamba lonse lodzaza ndi mipata. Ndiye kulikonse wosauka amavutika.

WaKabaza_25
Ndiye bwanji munthu osangoyatsa foni m'thumba n'kujambula yekha zonse? Aliyense ali ndi foni masiku ano.

WaZamalamulo_Kumpoto
Musayerekeze achimwene. Kujambula m'khoti popanda chilolezo kukhoza kukuikani pa mlandu wonyoza khoti, makamaka pa nkhani yokhudza ana imene lamulo limaiteteza kuti isamwazike. Ndipo ngakhale mutajambula, High Court singalandire zimenezo m'malo mwa rekodi. Chimene mungachite ndi kukhala ndi kope lanu, kapena m'bale wodziwa kulemba akhale kumbuyo azilemba tsiku, amene waperekera umboni, ndi mfundo zikuluzikulu zimene wanena. Zimathandiza kwambiri mtsogolo.

Mnyamata_wa_Makompyuta
Mu 2024 mkulu wa makhoti onse, a Chief Justice Rizine Mzikamanda, anakhazikitsa e-court mothandizidwa ndi UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, kuti milandu ina izimvedwa kudzera pa kanema popanda kunyamula munthu kuchoka kundende. Ndi chiyambi chabwino. Koma ine ndimaona kuti pa nkhani ya mabanja chofunika msanga si kanema. Ndi sikana. Tsiku lililonse mlandu ukamvedwa, kalaliki asikane masamba a tsikulo n'kuwasunga pa kompyuta. Majisitireti akasamuka, masambawo amutumizire kumene ali, awerenge, asainire. Fayilo ikanyowa kapena ikasowa, kope ilipo. Zimenezi sizifuna mabiliyoni.

KalalikiWopuma
Ganizolo ndi labwino mwana wanga, koma kayendereni makhoti a kumidzi kaye. Ena alibe magetsi, ena denga likudontha pamwamba penipeni pa mashelefu. Komabe ndikuvomereza kuti m'maboma zikhoza kutheka. Chimene ndinkalakalaka ine ndili pantchito ndi lamulo lamkati lakuti majisitireti asanyamuke kupita kumalo atsopano asanasainire marekodi onse a maapilo ake. Limenelo silifuna ngakhale magetsi.

NyaGondwe_Mayi
Yanga ndi yosiyana pang'ono. Ana ali ndi ine, koma ndalama imene khoti linalamula bambo awo kuti azipereka pamwezi inali yochepa poyerekeza ndi malipiro awo, ndiye ndinachita apilo. Zinali kumayambiriro kwa 2022. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Ndalama imene ndinkati ndi yochepa ija lero sikwana ngakhale thumba la chimanga ndi sopo. Apilo mpaka lero sinamvedwe, nkhani yake yomweyi ya rekodi. Wamkulu anayenera kusiya sukulu yogonera komweko n'kubwerera ku ya masana.

WaZamalamulo_Kumpoto
A NyaGondwe, inu muli ndi njira ina yaifupi. Ndalama yothandizira ana si chigamulo chokhomedwa mpaka muyaya. Zinthu zikasintha, monga mitengo kukwera kapena mwana kulowa sekondale, mukhoza kubwerera kukhoti lomwe linagamulalo kukapempha kuti ndalamayo ionedwenso. Lamulo loteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaika udindo wosamalira mwana pa makolo onse awiri. Mutenge malisiti a fizi, a chipatala, ndi mtengo wa zakudya wa lero. Koma poti muli kale ndi apilo pa nkhani yomweyo, muonane kaye ndi loya kapena a Legal Aid akuuzeni ngati n'kwabwino kuichotsa apiloyo kapena kuisiya, kuti ziwirizi zisagundane.

NyaGondwe_Mayi
Zikomo. Zaka zonsezi ndimangoona ngati njira ndi imodzi yokha.

Nangozo_wa_Awiri
Ndili ndi funso lina kwa a KalalikiWopuma. Mwanena kuti zonse zimalembedwa m'Chingerezi. Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2. M'khoti muja ndinafotokoza bwino lomwe kuti malata ndi simenti ndinagula ndi ndalama ya geni yanga ya kaunjika, ndipo mlongo wanga anachitira umboni. Koma m'chigamulo sizinatchulidwe. Rekodi ikadzatuluka ndidzadziwa bwanji kuti zimene ndinanena zinalembedwa?

KalalikiWopuma
Funso lofunika kwambiri mayi. Ikatuluka muli ndi ufulu wopeza kope yanu, pamakhala kandalama kolipira ndipo mulandire lisiti la boma. Musaipinde n'kuisunga. Khalani pansi ndi munthu wodziwa bwino Chingerezi, akuwerengereni tsamba ndi tsamba, makamaka umboni wanu ndi wa mlongo wanuyo. Ngati zija za malata zilimo koma chigamulo sichinazione, imeneyo ndi mfundo yamphamvu ya apilo yanu. Ngati mulibe, muuzeni loya wanu nthawi yomweyo kuti adziwitse khoti mwa kulemba tsiku lomva apilo lisanafike, ndipo apemphe kuti zolemba pamanja zija zionedwe. Nthawi zina wotayipa amadumpha tsamba, nthawi zina mawuwo anatayika pakati pa womasulira ndi cholembera cha bwana. Ngati muli ndi malisiti a malatawo kapena buku la banki m'khonde losonyeza ngongole imene munatenga, zisungeni pabwino.

Achimwene_Mulanje
Tisaiwalenso masitalaka. Mu 2012 ogwira ntchito m'makhoti ananyanyala kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo kumapeto kwa 2014 ananyanyalanso mpaka kulowa 2015. Makhoti akatsekedwa choncho, mulu wa pa tebulo la wotayipa sudikira, umakula. Ndipo akatsegula amayamba ndi a m'ndende. Anthu amenewa akamadandaula za malipiro ife timawanyoza, koma mapeto ake ovutika ndife.

Tadala_wa_Ndirande
Malipiro ochepa si chifukwa chouzira mayi zinthu zitatu zosiyana pa fayilo imodzi. Akanangowauza zoona kuti bwana anasamuka, bwenzi atalemba kalata kalekale.

Achimwene_Mulanje
Pamenepo sinditsutsa.

Mlimi_wa_Fodya
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine nkhani yanga ndi ya mchemwali wanga, banja linatha ndipo munda umene ankalima onse unapita kwa mwamuna. Titachita apilo tinadikira ngati mmene ena akunenera. Tsopano atiuza poyera kuti fayilo sikupezeka, mwina inasokonekera pamene ankasamutsa mashelefu. Ndiye zikatere nkhani yatha basi?

WaZamalamulo_Kumpoto
Siinathe bambo. Choyamba pemphani kuti zimene akuuzanizo azilembe, kalata yochokera kukhotiko yonena kuti fayilo yafufuzidwa ndipo sikupezeka. Kalata imeneyo mupite nayo ku High Court. Jaji akhoza kulamula kuti rekodi imangidwenso kuchokera ku zimene mbali zonse zili nazo, monga kope ya chigamulo, masamani, malisiti ndi zolemba za maloya ngati analipo. Zikakanika akhoza kulamula kuti mlandu umvedwenso kuyambira pachiyambi pamaso pa majisitireti wina. Makhoti athu anakumanapo ndi zoterezi pa milandu yaikulu kuposa iyi. Chigamulo cha pa mlandu wa Kafantayeni cha 2007 chitathetsa chilango cha imfa chokakamiza, akaidi ambiri anayenera kupatsidwanso zilango zatsopano, ndipo ntchitoyo itayamba mu 2015 zinapezeka kuti mafayilo ambiri anasowa. Makhoti sanawabweze anthuwo chifukwa cha kusowa kwa mafayilo, anawamvera ndi umboni umene unatheka kusonkhanitsidwa. Kusowa kwa fayilo si kulakwa kwa mchemwali wanu.

Mlimi_wa_Fodya
Ndamva. Koma akati tiyambirenso pali vuto. Mboni yathu yaikulu inali malume, amene anali nkhoswe komanso ndi amene analoza malire a mundawo. Anatisiya chaka chatha. Mwamunayo pano wabzalamo kale mitengo ya bulugamu.

KalalikiWopuma
Pepani ndi imfa ya malume. Musadikire kuti khoti lilamule kaye ndiye muziyamba kufunafuna mboni. Pitani kwa a nyakwawa sabata ino, mufunse amene analipo tsiku limene malire ankalozedwa, poti zoterezi sizichitika ndi munthu mmodzi. Nkhoswe ya kuchimuna ngati ili moyo nayonso ikhoza kuitanidwa ndi samani, ifune isafune. Fufuzaninso m'nyumba mwa mchemwali wanu kapepala kalikonse kochokera kukhoti, ngakhale kongonena tsiku lobwereranso, chifukwa pamakhala nambala ya mlandu ndi chidindo. Za mitengoyo muwauze a Legal Aid tsiku lomwe mukapite ndi kalata ija, kuti aone ngati angapemphe khoti liletse ntchito ina iliyonse pamundapo mpaka nkhani itamvedwa.

Mlimi_wa_Fodya
Kope ya chigamulo tili nayo, ndi lisiti la apilo. Nkhoswe ya kuchimuna ili moyo, ili ku Kasungu kumaesiteti. Ndiyamba ndi kwa a nyakwawa Loweruka, Lolemba ndipite kukhoti kukapempha kalatayo.